Ndinagula matayala oduladula kuti ana anga azigwerapo

Tsiku lomwe ndinawaonetsa amayi anga pa vidiyo kolo anayamba akhala kaye chete, kenako nkufunsa kuti, "Iwe, zimenezo ndi chani, makala opaka penti?" Ndinati ayi amayi, ndi matayala agalimoto, oduladula. "Mwatola kuti?" Ndinati sitinatole, tagula. Apo nde anaseka mpaka foni inawapulumuka, ine kuno nkumangoona malata akudenga ndi mawu awo akuitana achemwali kuti bwera udzamve, azibale ako ku Ulaya ayamba kugula matayala otha.

Ndinaseka nawo chifukwa zikumvekadi zopusa. Koma sindinawauze chomwe chinachititsa, mpaka pano sakudziwa bwinobwino, mukudziwa mmene timachitira ife a kunja, zoipa timazisefa kaye zisanafike kumudzi kuopa BP.

Ana a kuno ndi mazira

Ineyo ndakulira ku Chinamwali ku Zomba, ndipo katungwe wathu anali chingwe cha khonje chomangirira pa nthambi ya mango kuseli kwa nyumba, pansi pake dothi losesedwa mmawa uliwonse mpaka kuuma gwa, mizu ili yangayanga pamtunda. Tinkagwa tsiku ndi tsiku. Ukagwa umadzuka msangamsanga usanaonedwe chifukwa ukapita kunyumba ukulira akakuwonjezera ina ya pamwamba, bala likakhala lalikulu amangokupaka jivi basi mawa lake uli mumtengo momwemo. Maondo angawa ali ndi zipsera zoti chilichonse ndikhoza kukuuzani mtengo wake.

Tayala nalo linali choseweretsa cha aliyense. Anyamata kuliyendetsa ndi timitengo tiwiri atathiramo madzi kuti liziterera, chubu chake kudula malegeni omangira mpira wachikulunga ndi osakira mbalame, agogo aamuna nsapato zawo zakumunda zinali za tayala. Palibe ankalipira kanthu.

Nde nditabwera ku Leicester kuno ku England nkuona kuti m'mapaki a ana pansi pamakhala pofewa, ukapondapo pamachita ngati matiresi, ndinkangoti mxii ana a kuno ndi mazira. Ndinkanenadi chonchi pagulu, anzanga nkumavomereza. Titagula kanyumba kathabwa kakaunjika pa Facebook Marketplace, kokhala ndi makwerero, siladi ndi katungwe mbali inayo, tinangokaimika pa kapinga kuseli basi, nkhani yoti pansi pakhale chani sinabwere nkomwe m'mutu mwa ine kapena bambo a anawa.

Ogasiti 2022

Amene muli kuno mukukumbukira chaka chimene chija. Pa 19 Julaye ku Coningsby ku Lincolnshire kunafika madigiri 40.3, koyamba dziko lino kupyola 40, ndipo mvula inachita kusowa moti mu Ogasiti boma linalengeza kuti madera angapo a England kuli chilala, kwathu kuno ku East Midlands kuli momwemo. Kapinga yense anapserera kusanduka bulauni. Dothi la kuseli kwathu ndi lija lomata ngati makande, mvula ikagwa limakakamira ku nsapato, likauma limang'ambika ming'alu yoti chala chimalowa.

Ndinali nditaweruka shifiti yausiku, ndagona maola atatu okha, ndikuyanika zovala mapegi awiri ali pakamwa. Mzime wanga, nthawi imeneyo ali ndi zaka 4, anali pamwamba pa kanyumba kaja, pathandala pomwe ndi mita imodzi ndi theka kuchoka pansi. Kudzanja ali ndi aisi lole wofiira akusungunuka kutsikira mu chigongono. Anandiitana, "Mami taonani lilime langa," ine nkucheuka, iye nkutulutsa lilime lofiira lija akuseka, nkubwerera mmbuyo phazi limodzi kuti ndimuone bwino. Kumbuyoko nkomwe kuli mpata wa makwerero.

Phokoso lake silinali lalikulu ayi. Kaphokoso kouma, ngati dzungu lagwa pa simenti. Chomwe chimandidzutsabe usiku mpaka lero si phokosolo koma zomwe zinatsatira, mwana sanalire. Anangogona chagada maso ali tong'o kuyang'ana kumwamba, aisi lole akadali kudzanja, pakamwa pali pofiira moti ine ndinaona ngati magazi. Kaya anali masekondi asanu kaya khumi, ine ndinaima pomwepo ngati chitsa, mapegi akadali pakamwa, miyendo ikukana. Chisamba changa, mtsikana wa zaka 8 nthawi imeneyo, ndi amene anayamba kukuwa, ndipo kukuwa kwakeko nkomwe kunandimasula. Nditafika nkumugwira mpomwe anakoka mpweya nkuyamba kulira, ndipo sindinamvepo kulira kokoma ngati kumene kuja.

Kunkhongo kunali kutatupa kale ngati dzira. Ndinaimba 111, nambala ya kuno yofunsira malangizo achipatala, manja akunjenjemera, atandifunsa mafunso awo anati pitani naye kuchipatala pompano. Mugalimoto anasanza, kenako nkuyamba kusinza, ine ndikuyendetsa uku ndikukuwa dzina lake, ndikuuza mlongo wake kuti uzimulankhulitsa asagone, uku ndikupemphera mu Chichewa mokweza pa maloboti anthu akundiyang'ana.

Kapinga wa chaka chino?

Kuchipatala nkhani yomweyo ndinaifotokoza katatu, kwa nesi wapakhomo, kwa nesi wina mkati, kenako kwa dokotala. Ndipo tisanamizane, ife makolo achikuda kuno ukamafunsidwa funso limodzi katatu mtima umayamba kuthamangira kwina, umayamba kuganiza za anthu a social, aboma oona za chisamaliro cha ana aja, umayamba kuyeza mawu aliwonse. Pano ndikudziwa kuti ndi ntchito yawo ndipo anatisamala bwino kwambiri, koma nthawi imeneyo ndinkadziona ngati ndili pa khoti.

Dokotalayo anali mtsikana wamng'ono kwa ine. Atamuunika m'maso ndi katochi, kumuyendetsa, kumufunsa dzina la mlongo wake, anandifunsa zinthu ziwiri, wagwa kuchokera patali bwanji, ndipo wagwera pa chani. Ndinayankha ndi mphamvu kuti pa kapinga, ngati ndikudziteteza eti. Iye anangondiyang'ana nkufunsa mofatsa kuti, kapinga wa chaka chino? Sanawonjezere kanthu.

Anatisunga maola ngati sikisi akumuyang'anira, kenako anatitulutsa ndi kapepala kolemba zizindikiro zoti tikaziona tibwerere. Mwana anachira, pofika Lachitatu anali akukweranso pomwe paja. Koma mmawa mwake tsiku lotsatiralo ine ndinatenga khasu langa, lomwe mutu wake ndinabwera nawo mu sutikesi kuchokera ku Limbe, nkukakhapa pamalo pomwe mutu wake unagunda. Khasu linadumpha. Linangosiya kachizindikiro koyera ngati ndakhapa pa khonde. Ndinakhala pansi pomwepo nkulira kulira komwe sindinalire kuchipatala.

Zomwe ndinaphunzira pa ma break ausiku

Masabata otsatirawo anzanga ku ntchito akamaonera TikTok pa break ine ndinali pa intaneti kuwerenga za pansi pa malo osewerera ana, nkhani yomwe ndinkaiseka ija. Nkupeza kuti matiresi a m'mapaki aja sanangowaika mwachisawawa. Kuli muyezo wotchedwa BS EN 1177, ndipo kayezedwe kake amatenga chitsulo chozungulira ngati mutu chokhala ndi kachipangizo mkati, nkumachigwetsa kuchokera pa mitunda yosiyanasiyana kuti aone mphamvu yomwe mutu ungalandire. Nambala yake amaitcha HIC ndipo isapyole 1000. Mtunda womaliza womwe nambalayo ikadali pansi pa 1000 ndi womwe amautcha critical fall height, mawu omwe muziwafufuza mukamagula. M'mapaki chilichonse chomwe mwana angagwe kuchokera pa masentimita oposa 60 chimafunika pansi pofewa, ndipo pofewapo pafike mita imodzi ndi theka kuzungulira chosewereracho, kwa katungwe kutsogolo ndi kumbuyo kumafunika kuposa apo. Kanyumba kathu kanali masentimita 150, pansi pake pouma ngati khonde.

Miyezo imeneyi ndi ya mapaki ndi masukulu, kuseli kwa nyumba yako palibe amabwera kudzakuyeza. Koma mutu wa mwana ndi womwewo.

Zosankha zinalipo. Mchenga ndinaukana msanga chifukwa mumsewu mwathu muli amphaka ngati asanu ndipo onse amaona ngati gadeni yathu ndi chimbudzi cha boma. Komanso mchenga sufewa mmene timaganizira, buku la CPSC, bungwe la ku America loona za chitetezo cha katundu wogulitsidwa, limati mchenga wa masentimita 23 umateteza kugwa kwa mita 1.2 yokha, pomwe labala woduladula wa masentimita 15 amafika mamita atatu. Makungwa amitengo ndi abwino ndipo ndi otchipirapo, koma amaola, ndi mvula ya kuno chaka ndi chaka umayenera kuwonjezera, nawonso amphaka amawakonda. Labala wothira ngati phala wa m'mapaki uja amafuna akatswiri ndi ndalama zomwe ife tilibe. Nde kunatsala rubber chippings, tizidutswa ta matayala akale tokula ngati nsonga ya chala, tochotsa mawaya pogwiritsa ntchito maginito kufakitale nkutipaka utoto. Kuno matayala athunthu analetsa kuwakwirira kudzala mu 2003, oduladula mu 2006, nchifukwa chake anayamba kuwapezera zochita zambirimbiri, china ndi chimenechi chogulitsa kwa ife.

Bambo a anawa poyamba anakana. "Mayi, ndalama imeneyo ndi matumba angati a feteleza kumudzi? Tingochotsa kanyumbako basi." Zoona ndithu ndalamayo inali yoti akanadyera anthu. Koma kuchotsa kanyumba ndiye kuti ana akhala pa tabuleti tsiku lonse ife tikugona ma shifiti, ndinawauza kuti bambo, inu simunamve phokoso lija, ine ndinalimva. Sanayankhe, mawa lake ndinawapeza akuyeza ndi tepi.

Matumba awiri pamsewu

Malo athu anakwana mamita 5 kwa 4. Wogulitsa ankati masentimita 5 akwana, ine ndinati ayi ndikufuna 10, ndipo ndinaumirira kuti anditumizire pepala la mayeso a EN 1177 losonyeza kuya komwe anayezera, chifukwa ena amangolemba kuti safe ndi zilembo zikuluzikulu koma ukafunsa pepala amasowa. Zinakwana matumba akuluakulu awiri a makilogalamu 500 lililonse. Lole inangowatsitsa pamsewu kutsogolo nkumapita, nyumba yathu ndi zija zolumikizana, njira yopita kuseli ndi kampata koti wilibala imadutsa ikukhula makoma.

Tinachita zakwathu. Ndinalemba pa gulupu ya kutchalitchi kuti Loweruka kuli nsima ya nkhuku ndi nyemba, obwera abwere ndi fosholo. Anabwera azibambo anayi. Mvula inali itayambanso moti dothi linkakumbika, anachotsa kapinga ndi dothi masentimita 10, kuzungulira nkuika matabwa ochindikala kuti tizidutswa tisamathawe, pansi nkuyala kansalu kakuda kaja kodutsa madzi koma koletsa udzu, kenako wilibala pambuyo pa wilibala mpaka dzuwa kulowa. Mmodzi mwa iwo, bambo wachikulire wa ku Ntcheu, ankangopukusa mutu akuti zaka zonsezi ndakhala ndikulipira ku garaji kuti anditayire matayala, kani ndimalipira kuti adzandigulitsenso.

Kansalu kaja musadumphe. Popanda iko labala amalowa m'matope nkusakanikirana, pakatha chaka mumakhala ndi khonde lomwe lija koma lamtundu.

Zomwe pa webusaiti sanalembe

Fungo. Masabata oyamba kuseli kunkanunkha ngati pa okonza matayala pa Ginnery Corner, makamaka dzuwa likawala. Linatha lokha koma osati msanga. Masokosi oyera ankabwera obiriwira. Tizidutswa timalowa paliponse, mu nsapato, m'matumba a kabudula, mu sofa, makina ochapira anasiya kutulutsa madzi tsiku lina nditatsegula kusefa kuja ndinapeza todzaza dzanja. Tikagwera pa kapinga makina otchetchera amatilasa ngati legeni. Mu Okotobala masamba akayamba kuyoyoka nde ntchito, leki imakoka masamba ndi labala yemwe, ndimachita kutola ndi manja.

Pa thumba analemba kuti 99.9% mulibe waya. Ine ndinamangirira maginito ku ndodo ya mopu nkuyenda nawo malo onse kangapo, ndinapeza tizidutswa titatu tokhala ndi kawaya kotulukira. Titatu mu tani yathunthu si zambiri, koma phazi la mwana limangofunika kamodzi, nde mukagula yendetsani maginito ana asanapondepo.

Dzuwa likakhala lamphamvu labala amatentha zoti osaponda opanda nsapato, masana a Julaye ndimayamba ndayesa ndi chikhatho. Ndipo amayaka, akayaka savuta pang'ono kuzima, mbaula yowotchera nyama tinaisamutsira kutali kukona ina.

Mnzanga anabwera ndi mwana wake wa chaka chimodzi ndi theka, tikucheza tinangoona tsaya latupa, kumutsegula pakamwa muli tiwiri. Kwa ana oika chilichonse pakamwa zimenezi si zabwino, akhoza kutsamwa, ineyo ndikanakhala ndi wokwawa sindikanagula, ndikanaika mamati olumikiza aja.

Kenako nkhani ya mankhwala, yomwe inandisowetsa tulo pang'ono. Tayala silinapangidwe kuti mwana azigonapo. Muli zinki, muli ndi ena otchedwa PAH omwe ena mwa iwo amayambitsa khansa, moti European Union kuyambira mu Ogasiti 2022 inaika malire oti asanu ndi atatu mwa iwo onse pamodzi asapyole mamiligalamu 20 pa kilogalamu mu labala wa m'mabwalo a mpira ndi malo osewerera ana. Ndinalembera wogulitsa kufunsa ngati ake ali pansi pa malirewo ndipo ananditumizira pepala, apo mtima unakhalako pansi, komabe lamulo la pakhomo pano ndi loti kusamba m'manja musanadye ndipo chakudya sichipita pa labala. Dimba langa la nkhwani, mpiru ndi bonongwe lomwe ndimalinyadira ngati mwana wachitatu ndinalisunthira kumtunda, komwe madzi ochokera pa labala safika, chifukwa zinki ikachuluka m'dothi mbewu sizikondwa, ndipo ndiwo zimenezo zimalowa mumphika mwanga.

Kadzenje pansi pa katungwe

Tsopano apa mpomwe ndikufuna mundimve, chifukwa ndinapusanso kachiwiri. Titamaliza zonsezi ine mtima unagona. Ndinaona mnyamata uja akugwa kangapo, kudumpha dala kuchokera pathandala pomwe paja, nkudzuka akuseka, ndinati basi ndagula mtendere. Leki ndinaisiya mu shedi miyezi.

Chilimwe chotsatira mtsikana wanga anali pa katungwe akupikisana ndi mnzake kuti adumphe patali ndani. Dzanja linaphonya, anagwera pansi penipeni pa katungwe atatsogoza mkono. Kulira kunabwera pompo, nde ndinadziwa kuti mutu uli bwino, koma pamfundo ya dzanja panatupa ndipo X-ray inaonetsa kuti fupa lapindika nkusweka pang'ono, masabata angapo ali ndi chomangira.

Nditapita kukaona pamalopo ndinachita manyazi. Pomwe mapazi amakhula akamaimitsa katungwe panali patakumbika kadzenje, labala yense atakankhidwira m'mbali, kansalu kakuda kakuonekera. Masentimita 10 anga aja anali paliponse kupatula pamalo amodzi pomwe ana amagwera. Chimodzimodzi kumapeto kwa siladi. Zinthu zomwazika chonchi zimayenda, ndipo zimathawa pomwe pali mapazi ambiri, pomwenso mpamene zikufunika kwambiri.

Komanso nditabwerera ku zowerenga zanga zija ndinaona chomwe ndinachidumpha ulendo woyamba chifukwa maganizo onse anali pa dzungu lija. Chitsulo chomwe amagwetsa poyeza ndi mutu. Muyezo wonse uja ndi wochepetsa kuvulala koopsa kwa mutu, sulonjeza kanthu za mkono. Mwana akagwa atatsogoza dzanja likhoza kuthyoka ngakhale labala ali wokwanira. Nditawauza bambo a anawa anati ndiye tinagula chani, ndinati tinagula mutu, mikono ndi yathu. Anaseka koma ine sindimacheza.

Pansi pa katungwe pano tinaikapo mati alabala olemera pamwamba pa tizidutswa kuti mapazi azikhula pamenepo, kumapeto kwa siladi chimodzimodzi. Ndinadula kandodo nkukalemba mzere pa masentimita 10, Loweruka lililonse mmawa ndisanayambe kuchapa ndimatenga leki kubweza zomwe zathawira m'mbali, nkubaya kandodo malo anayi asanu. Tawonjezerapo matumba ang'onoang'ono kamodzi. Mnyamata uja, pano ndi wamkulu ndithu, ndi amene amagwira kandodo ndipo amachita ngati bwana woyendera ntchito, "Mami apa pachepa, bwerezani."

Ulendo wathawu tikupita kumudzi, tikumasula masutikesi ku Chinamwali, mu nsapato yake munagwa kachidutswa kobiriwira. Amayi anakatola, kukayang'ana uku ndi uku, kukafinya, kukanunkhiza. "Ndi amenewa matayala anu aja?" Ndinati eya amayi. Anakaika pa windo pafupi ndi wailesi. Titatuluka panja tinapeza mdzukulu wawo ali kale pa nthambi yachiwiri ya mango uja, pansi pake mizu ili yangayanga monga kale, azisuweni ake akumuuza kuti kwera ina. Ine ndinatsegula pakamwa, amayi nkundigwira pamkono, "Musiye." Ndinamusiya, koma ndinapita kukaima pansi pa nthambiyo mpaka anatsika.